Ana athu amagona akumva mvuu zikulira koma mu paki sanalowemo, tiyambire pati?

Madam Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Ndimaphunzitsa Std 7 kuno ku Machinga, sukulu yathu kuchoka pa fensi ya paki ya Liwonde ndi mtunda woti mwana amayenda wapansi osatopa. Timaphunzira za nyama zakuthengo ndiye ndinangofunsa kuti amene analowapo mu paki akweze mkono. Mwa ana 94 anakweza atatu okha, ndipo mmodzi mwa atatuwo analowa ndi amalume ake kokatola nkhuni kalekale fensi isanabwere. Ndinafunsanso kuti paki ndi ya ndani, onse pamodzi akuti ya azungu. Mtima unandiwawa abale. Mwana wobadwira pompano, usiku amamva mvuu zikulira mu Shire, koma chithunzi cha mvuu ndikuchita kumujambulira pa bolodi. Amene munapangapo ubale weniweni pakati pa sukulu ndi paki ndithandizeni maganizo, ndiyambire pati

Chikondi wa ku Chilomoni: Amadam mwandikumbutsa kutali. Ife tili ku pulayimale tinkapita ku Michiru ndi a kalabu ya wildlife, wapansi, chimanga chokazinga m'thumba. A gemu ankationetsa mapanga a afisi komanso ndowe zawo zoyera zija, amvekere zimayera chifukwa fisi amadya ndi mafupa omwe. Mpaka lero sindinaiwale, pomwe manotsi onse a sayansi a chaka chimenecho anauluka

Mai a Tadala: Ingolembani kalata kwa a paki mupemphe tiripi. Kuno ku Lilongwe ana anga anapita ku Wildlife Centre kuja kwa mtsinje wa Lingadzi, anabwerako osangalala kwambiri sabata yonse nkhani inali ya anyani basi

A Mbewe (ahedi opuma): Mai a Tadala, tiripi ndi yabwino sindikukana, koma ndiloleni ndinene zomwe ndinaona pa zaka zomwe ndinagwira choko. Tiripi ya tsiku limodzi nthawi zambiri imakhala yokaona, osati yokaphunzira. Ana amadzuka 4 koloko, kuimba mu galimoto njira yonse, kufika atatopa, kuona njovu ziwiri, kudya mpunga, kubwerera. Lolemba mukawafunsa chomwe akukumbukira ndi fanta. Zomwe akunena a Chikondi zinakhazikika m'mutu chifukwa iwo ku Michiru sanapiteko kamodzi, ankapitako pafupipafupi ndipo phirilo ankaliona tsiku ndi tsiku ali pakhomo. Nthawi yathu makalabu amenewa anali ndi mphamvu, bungwe loteteza nyama zakuthengo ndi zachilengedwe la WESM lija, limene linayamba kale mu 1947 ndi dzina lina, linkatitumizira magazini ya Nantchengwa ana n'kumawerenga pansi pa mtengo kenako kukafufuza chisa cha nantchengwa chenicheni kudambo. Chinadzatisokoneza ndi kuchuluka kwa ana kuchokera 1994 pulayimale itakhala yaulere. Chinali chinthu chabwino kwambiri ana kubwera ambiri, koma mphunzitsi mmodzi ana 100 kutuluka nawo panja unayamba kuoneka ngati mtolo, ndiye tonse tinangobwerera ku bolodi.

Madam Nachisale: Zikomo bambo. Ndi zomwe ndikuopa zimenezo, kuti tivutike kusonkhetsa ndalama teremu yonse chifukwa cha tsiku limodzi lokha

Sir Kalua: Ine ndinene mosabisa ngakhale ena sakondwa. Ana awa chaka chamawa ali mu Std 8, mayeso a MANEB safunsa kuti unaona mvuu zingati. Makolo amatiweruza ndi masankho, ana angati apita ku national, angati ku boarding. Silabasi ndi yaitali kale, mabuku ndi ochepa, ndiye tichotsenso masiku kukayenda m'tchire? Zimenezi zimakhalira masukulu a private omwe ali ndi basi yawoyawo

Lusungu: A sir Kalua ndikumvetsa nkhawa yanu koma ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'mapaki, ndipo ndinayambira mu kalabu ya kusukulu momwemo. Silabasi imene mukunenayo ili mu paki muja yonse, kungoti sitinaiyalepo. Tengani Shire yekhayu. Mwana aime pa mlatho wa Liwonde pa baraji paja, mumufunse madzi awa akuchokera kuti, akupita kuti. Achoka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, adutsa mu Malombe, adutsa mu paki, afika pa baraji pomwe amawatsekula ndi kuwatseka, kenako akukapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Pamenepo mwaphunzitsa mapu, mwaphunzitsa magetsi, ndipo akaona namasupuni ndi zinyalala zomwe zimaunjikana pa baraji mwaphunzitsanso chifukwa chake magetsi amavuta mitengo ikatha kumtunda, dothi lonse limatsikira mumtsinje. Mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ana amenewa mdima umenewo anauona ndi maso, sizochita kuwauza. Masamu nawo ali pompo. Paki ya Liwonde ndi masikweya kilomita 548, inakhazikitsidwa 1973. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Mufunseni mwana kuti n'chifukwa chiyani anazichotsa, njovu imodzi imadya zochuluka bwanji pa tsiku, malo amenewa angakwane njovu zingati. Ameneyo mayeso sangamuvute, chifukwa akuyankha chinthu chomwe wachigwira.

Sir Kalua: Apo mwanena bwino, koma inu mumayenda ndi alendo anayi mu galimoto, ife ndi ana 90

Lusungu: Zoona, n'chifukwa chake sindikunena kuti onse alowe tsiku limodzi. Magulu a 20 kapena 25, ena mwezi uno ena mwezi wamawa, ndipo gulu lililonse lipite ndi funso lake lake lokabweretsa yankho kwa anzawo

Bambo a Yamikani: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko. Ine ndine mphunzitsi komanso mlimi, ndimakhala m'mphepete mwa paki ina, sinditchula dzina. Chaka china njovu zinatuluka usiku umodzi wokha zinamaliza munda wanga wa chimanga chili chofiira ndevu, ndi maungu omwe. Ana anga anaona mayi awo akulira m'munda m'mawa. Chipukuta misozi sitinalandire. Chaka chomwecho mnyamata wa m'mudzi mwathu anagwidwa ndi nyama ya msampha anakalowa kundende, mwana wake ndinkamuphunzitsa ine. Ndiye mukabwera ndi nyimbo zoti tisamale nyama ndi chuma chathu, mwana ameneyo amangokuyang'anani. Sindikukana kuti ana aphunzire za paki, ayi, koma ngati ubale wake ndi woti a paki abwere adzalalikire ife tiombe m'manja, ine ayi. Mwana amene wagona ndi njala chifukwa cha njovu ali ndi mafunso ake, ndipo akuyenera kuyankhidwa.

Mai a Tadala: Pepani kwambiri bambo, ife a m'tauni mbali imeneyi sitimaiganiza n'komwe

Madam Nachisale: Bambo a Yamikani mwakhudza penipeni. M'kalasi mwanga muli ana otero, ena makolo awo anasiya kupha nsomba malo omwe agogo awo ankaphako, ena achibale awo analumidwapo ndi ng'ona. Nditati paki ndi yathu mtsikana wina anandiyankha kuti ikanakhala yathu bwenzi tikulowa. Ndinasowa chonena

A Mbewe (ahedi opuma): Mtsikana ameneyo musamuiwale, ndi amene akhale patsogolo tsiku lokakumana ndi a paki. Ndipo bambo a Yamikani, zomwe mwanenazi ndiye phunziro lenilenilo, lisabisidwe. Ana ajambule mapu a mudzi wawo okha, aonetse pomwe pali fensi, pomwe njovu zinatulukira, minda yomwe inaonongeka, mwezi wake, kunali mbewu yanji. Akatero kwa chaka chimodzi aona okha kuti njovu sizituluka mwachisawawa, zili ndi nyengo yake ndi njira zake, zimatsata chimanga chikamakhwima, mango akamapsa. Mapu amenewo akawapatse a gemu m'manja. Pamenepo sukulu yapereka kanthu, sinangopita kukapempha. Ndiponso pali njira zomwe alimi akuyesa m'madera ambiri, kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe za njovu, kulima tsabola m'malire mwa munda poti njovu sizidya, kupachika ming'oma ya njuchi poti njovu imaopa njuchi. Bwanji munda wa sukulu osakhala poyesera zimenezi, ana n'kumalemba chomwe chagwira ndi chomwe chakanika? Agriculture yake ndi imeneyo.

Bambo a Yamikani: Zikakhala choncho ndiye ndingalowe nawo. Chomwe chimandipweteka ndi kuwauza ana theka la nkhani

Che Jafali: Moni nonse, ndalowa mochedwa netiweki kuno kunyanja imavuta. Ine ndili mbali ya Monkey Bay ndipo kwathu kuno nkhani yake ndi yosiyanako chifukwa midzi ina ngati Chembe ili mkati mwenimweni mwa paki ya Lake Malawi, anthu sanachotsedwe pomwe paki inkakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna. Koma ndikuuzeni chodabwitsa, ana athu amasambira ndi mbuna tsiku lililonse, amazidziwa kuposa ine, koma sankadziwa kuti nsomba zimenezi kwina kulikonse padziko kulibe, ndi za nyanja ino yokha. Kwa iwo ndi tinsomba ta m'miyala basi topanda ntchito poti si ndiwo zenizeni. Tsiku lina ndinapita nawo pamiyala ndi magalasi osambirira awiri obwereka, ndinati aliyense aone nsomba imodzi kwa mphindi zisanu andiuze ikuchita chiyani. Wina anabwera akuthamanga akuti sir nsomba ija yalavula ana kenako yawamezanso! Ndi mmene tinayambira phunziro loti mbuna ndi chambo zimasungira mazira ndi ana mkamwa, ndipo pompo anamvetsa okha chifukwa chake pamakhala nyengo yotseka nyanja, ukagwira mayi mmodzi wapha ndi ana onse ali mkamwa. Palibe mwana amene analakwa funso limenelo pa mayeso a teremu. Ana omwewo ndinapita nawo pa manda a amishoni ku Cape Maclear, pomwe a Livingstonia anayambira mu 1875 asanasamukire ku Bandawe chifukwa cha malungo, ndi pa Mwala wa Mphini. History yonse tinaiphunzira wapansi osalipira galimoto.

Chikondi wa ku Chilomoni: Che Jafali nkhani ya kulavula ana ija yandigwira mtima

Che Jafali: Chinanso amadam, musaiwale akuluakulu a m'mudzi. Ine ndinaitana asodzi awiri achikulire kudzakhala nafe, mayina a mphepo, mwera, mpoto, vuma, nthawi yomwe usipa umabwera, zonsezo a paki sangaphunzitse kuposa iwo. Ndipo madala aja ataona kuti sukulu ikuwalemekeza anayamba okha kukalipira anyamata ogwiritsa ntchito maneti a udzudzu pophera nsomba

Lusungu: Apo ndiye pomwe pamafooka mapulogalamu ambiri. Mayina a mitengo ana amawaphunzira m'Chingerezi pomwe agogo awo akudziwa kuti uwu ndi tsanya nkhuni zake sizizima msanga ndipo kumakhala mphalabungu zake, uwu ndi mlambe, uwu mgwalangwa, uwu msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake. Ku Liwonde tsanya ndiye wadzaza, mwana wa kumeneko akuyenera kumudziwa ngati m'bale wake. Ine alendo amandipatsa ulemu chifukwa cha zomwe anandiphunzitsa agogo anga aakazi, za m'buku aliyense atha kuwerenga pa foni

Mai a Tadala: Koma nkhani ya chitetezo bwanji? Ine monga kholo ndinene zoona, mwana wanga kukwera lole yopanda mpando kupita koti kuli mikango ndi ng'ona mtima sungakhale m'malo. Paja ku Liwonde mikango inabwereranso eti

Lusungu: Eya mayi, a African Parks atayamba kuyendetsa pakiyi limodzi ndi boma mu 2015 anabweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo zipembere zinalipo kale kuchokera m'ma 1990. Ndiye si malo ongolowa mwachisawawa, n'chifukwa chake ubale ndi a paki uli wofunika, ana amayenda ndi renja, satsika galimoto pena paliponse, sayandikira madzi. Koma kunena zoona ngozi yaikulu pa maulendo a sukulu imakhala pamsewu osati mu paki. Lole yodzaza ana ataimirira ija ndiye muikane ndithu ngakhale ikhale yotchipa

A Mbewe (ahedi opuma): Ndiwonjezere za atsikana. Pakhale mphunzitsi wamkazi ndi mayi mmodzi kapena awiri a mother group pa ulendo uliwonse, makolo asainire kalata, ndipo a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a pulayimale m'dera lanu, adziwe. Ndinaonapo makolo akuletsa atsikana okhaokha kupita anyamata n'kupita, chifukwa choti sitinawafotokozere bwino amene akawayang'anire. Kulakwa kunali kwathu aphunzitsi.

Sir Kalua: Chabwino mwandikoka pang'ono. Koma ndalama? Tisanamizane, thiransipoti ndi imene imapha zonsezi. Mafuta mmene alilimu mukauza kholo kuti lisonkhe, theka la kalasi litsala. Ndipo amatsala ndi omwe aja ovutika, omwenso makolo awo ndi amene amalowa mu paki mozemba. Ndiye mwapindula chiyani, mwatenga ana a aphunzitsi ndi a ma shopu kukaona njovu

Madam Nachisale: Izi ndiye zoona zokhazokha a sir. Ine ndatsimikiza mtima kuti ngati sapita onse ndiye sapita aliyense. Sindikufuna mwana adzaime pa geti ya sukulu kuonerera anzake akukwera galimoto

Esnart ku Joni: Amadam ine kwathu ndi ku Balaka tsidya linalo la Shire, ndinakula osalowamo mu paki imeneyo, njovu yoyamba kuiona bwinobwino ndinakaionera kuno ku South Africa ndili ndi zaka 30, zinandikhudza kwambiri. Mukakonza bajeti itumizeni pano, ine ndi anzanga awiri kuno titha kuthandizako mbali ya mafuta a gulu limodzi. Koma ikhale yolembedwa bwino ndipo ndalama idzere ku komiti ya sukulu osati m'manja mwa munthu mmodzi

Madam Nachisale: Achemwali Mulungu akudalitseni, ndalama idzadzera ku komiti ndithu ndipo malisiti ndidzaika pompano

Lusungu: Musanayambe kusonkhetsa kaye kafunseni ku ofesi ya paki. Mapaki omwe akuyendetsedwa ndi African Parks, Majete kuyambira 2003, Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi yoona za midzi yozungulira ndi maphunziro a zachilengedwe, amagwira ntchito ndi makalabu a m'masukulu ndipo amalowetsa ana a sukulu zoyandikana nawo. Ndiye mukapita musakafunse bwana wamkulu, kafunseni wa za extension kapena wa za maphunziro. Ndipo musapite ndi kalata yongoti tikupempha tiripi, makalata otero amalandira ambiri. Pitani ndi pepala loonetsa chaka chonse, teremu yoyamba tikufuna renja abwere kusukulu kawiri, ana adzamufunse mafunso awo ovuta aja, teremu yachiwiri magulu alowe mu paki, teremu yachitatu ana adzaonetse makolo ndi mafumu zomwe apeza. Munenenso chomwe sukulu ipereke, nazale ya mitengo, mapu a njovu aja anena a Mbewe, kuuza a paki msanga fensi ikaduka. Akaona kuti mwakonzeka amakutengani mozama. Chinanso chofunika, zilembedwe ndipo asainire ahedi ndi a komiti, chifukwa ndaona maubale abwino akufa tsiku lomwe mphunzitsi wa kalabu wapita pa transifa.

A Mbewe (ahedi opuma): Mfundo yomalizayo ndi yoona kwambiri. Pakhale aphunzitsi awiri osati mmodzi, ndipo kope la kalabu likhale mu ofesi ya ahedi.

Chikondi wa ku Chilomoni: Ine ndibwerere ku Michiru pang'ono chifukwa zikundiwawa. Amene muli ku Blantyre mukudziwa mmene phiri lija lathera zaka zapitazi, mitengo yomwe tinkakhala pansi pake ija yambiri inapita ku makala ndi matabwa. Ndirande ndiye anatha kalekale, ana a pano amaona ngati linalengedwa lopanda mitengo. Ndipo tonse tinaona mu March 2023 Freddy atabwera zomwe zinachitika ku Soche ndi ku Chilobwe, matope ndi miyala kutsika usiku anthu ali mtulo. Sindikunena kuti mitengo yokha ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa, koma phiri lovula ndi lovala sizifanana. Ndiye ndimadzifunsa kuti masukulu onse azungulira Michiru, Soche, Ndirande, Mpingwe, bwanji sukulu iliyonse osapatsidwa kachigawo kake ka phiri, osati kudzala tsiku limodzi pa kamera nduna ikabwera ayi, koma kukhala kawo, Std 5 idzale, ikafika Std 8 mitengo yawo ikhale itatalika kuposa iwo, aziyeza okha ndi tepi teremu iliyonse kuti yapulumuka ingati yafa ingati ndipo yafa chifukwa chiyani, mbuzi kapena moto kapena chiswe. Timadzala mitengo chaka chilichonse kuyambira December mpaka April koma palibe amabwerera mu October kukaona

Sir Kalua: Kuwerenga yopulumuka ndi yakufa ija ndiye ma percentage a Std 7 enieni. Ndayamba kuona pomwe mukupita

Mai a Tadala: Nanga masukulu omwe ali kutali ndi paki iliyonse atani? Si onse ali ndi mwayi wa amadam

Che Jafali: Mayi palibe sukulu yopanda malo. Ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga ku Chongoni, malo 127, zina za Abatwa zina za Achewa za chinamwali ndi gule, ana ambiri a konko sanakazione. Ku Mulanje kuli mkungudza womwe mwachilengedwe umamera phiri lokhalo basi. Ku Zomba kuli botanic garden m'tauni momwemo, ku Chikwawa kuli Lengwe ndi boo zake. Ndipo kumene kulibe zonsezi kuli manda, nkhalango za kumanda ndi zomwe zasunga mitengo yachilengedwe m'midzi yambiri, kungoti kumeneko ndiye muyambe mwagwada kwa amfumu, simungangolowa ndi ana, mwina n'kungoimira kunja n'kumawerenga mitundu ya mitengo. Dambo, chitsime, mtsinje wakuseri kwa sukulu, zonsezo ndi poyambira

Bambo a Yamikani: Amadam ndikupempheni chinthu chimodzi. Renja akadzabwera kusukulu kwanu musadzawasankhire ana mafunso. Mwana akafuna kufunsa kuti bambo anga munawamangiranji, afunse. Akafuna kufunsa kuti chimanga chathu alipire ndani, afunse. Ndipo renjayo mumuuziretu kuti kukabwera mafunso otero asadzakwiye. Marenja ambiri ndi ana a m'midzi momwemu, nawonso ali ndi nkhani zawo, anzawo ena anavulala ena anafa pa ntchito imeneyi, misampha ya waya yomwe amatola ija akaibweretsa ana aione ndi kuigwira amve mmene imadulira mwendo wa nyama. Mbali zonse ziwiri zimveke m'kalasi imodzi.

Lusungu: Ndikugwirizana nazo kwathunthu bambo. Ku Liwonde misampha yomwe inachotsedwa m'zaka zoyambirira zija inali masauzande ambirimbiri, ndipo msampha susankha, wotchera nswala umagwira ndi chitamba cha mwana wa njovu. Ana akaona zimenezo komanso renja akamva za munda wanu, kukambirana kwake kumakhala kwina

Madam Nachisale: Abale ndathokoza kwambiri, ndinabwera ndi funso limodzi ndikubwerera ndi kope lodzaza. Mmene ndaganizira ndi chonchi. Mawa ndikakhala pansi ndi ahedi ndi sir amene amaphunzitsa Agriculture kuti tikhale awiri. Lachisanu ana ayamba kujambula mapu a midzi yawo ndi fensi, ndipo aliyense akafunse agogo ake kuti malo amene pano ndi paki kale ankatchedwa chiyani ndipo ankachitako chiyani, zimenezi sizifuna ndalama. Sabata yamawa tikaonana ndi amfumu ndi a komiti, kenako ndi pomwe tipite ku ofesi ya paki ndi pepala la chaka chonse lija. Pa mlatho wa baraji ndiye tipitako ngakhale a paki asanayankhe. A Lusungu ndikutumizirani pepalalo ku inbox mulione kaye ndisanapite nalo

Lusungu: Tumizani amadam ndiliona usiku uno. Muikemonso miyezi, kulowa mu paki ndi bwino nthawi yachilimwe misewu ikauma komanso nyama zimasonkhana kumtsinje, dzinja misewu ina mkati muja siyendeka

A Mbewe (ahedi opuma): Ndipo mtsikana uja anati ikanakhala yathu bwenzi tikulowa, mumuike m'gulu loyamba.

Madam Nachisale: Ali kale pamwamba pa listi bambo. Bambo a Yamikani, za tsabola ndi ndowe zija munayesapo kwanuko? Ngati munayesapo ndiuzeni kasakanizidwe kake, ndikufuna tiyambe ndi munda wa sukulu mvula isanagwe

Bambo a Yamikani: Ndinayesapo chaka chatha. Mumasinja tsabola wouma wa kambuzi kapena wina aliyense wowawa kwambiri, kusakaniza ndi ndowe ndi madzi pang'ono, kuumba ngati njerwa n'kuboola pakati, kuyanika ziume gwa, ndiye madzulo mumaika khala la moto pabowopo n'kuziika mbali yomwe mphepo ikuchokera kuti utsi uzipita komwe njovu zimadzera. Zimafuka pang'onopang'ono kwa maola angapo. Mphepo ikatembenuka ndiye sizithandiza, ndipo ana asasinje okha opanda chotchinga kumaso ndi m'manja, tsabola ameneyu amaotcha. Ndikujambulirani zomwe zinatsala mawa kukacha ndiponye pano